Ulendo wa Pakati pa Johannesburg ndi Sydney: Mtunda Umodzi, Nthawi Ziwiri

Pakati pa bwalo la ndege la O.R. Tambo ku Johannesburg ndi bwalo la Kingsford Smith ku Sydney pali mtunda wa makilomita 11,044, ndipo mtundawu susintha, kaya munthu ayambire kuyeza ku Africa kapena ku Australia. Koma aliyense amene anagwirapo tikiti ya ulendowu akudziwa kuti pamalembedwa nthawi ziwiri zosiyana. Popita ku Sydney ndege imatenga maola pafupifupi 12, pamene pobwerera ku Johannesburg ndege yomweyo, ya kampani yomweyo ya Qantas, imatenga maola 14 kapena kupitirirapo pang'ono. Kusiyana kwa maola awiri si kochepa, pakuti ndi nthawi imene ndege imatenga kuchoka ku Chileka mpaka kukatera ku Johannesburg. Njira imeneyi ndi imodzi mwa zimene Amalawi opita ku Australia kukaphunzira, kukagwira ntchito kapena kukaona abale amadzera, ndipo ndaisankha chifukwa imaonetsa poyera kuti kudziwa kutalika kwa mtunda sikutanthauza kudziwa maola amene munthu adzakhale pampando.

Pa intaneti pali masamba ambiri amene munthu amangolembapo mayina a mabwalo awiri a ndege, tsambalo n'kumuuza mtunda ndi nthawi. Pa mtunda masambawa salakwitsa kwenikweni, kungoti munthu ayenera kuona kaye muyeso umene agwiritsa ntchito. Makilomita 11,044 aja ndi mamailosi 6,862 a pamtunda, komanso ndi mamailosi 5,963 a panyanja, amene ndi amene oyendetsa ndege ndi sitima zapamadzi amawerengera, ndipo mailosi imodzi ya panyanja ndi mamita 1,852. Manambala atatu onsewa akunena za mtunda umodzi. Vuto limadza pa nthawi. Masamba ambiri amangotenga mtunda n'kuugawa ndi liwiro limodzi limene anasankhiratu, mwina n'kuwonjezerapo theka la ola lonyamukira ndi kutera, ndipo chotsatira chake n'chakuti amapereka nthawi yofanana popita ndi pobwerera. Pa ulendo wa ku Lilongwe ndi ku Lusaka kuwerengera kotere sikungasocheretse munthu, koma pa ulendo wodutsa gawo loposa limodzi mwa magawo anayi a kuzungulira kwa dziko lonse, kumaphonya ndi ola lathunthu kapena kuposerapo mbali iliyonse.

Tisanafike pa nthawi, mtunda weniweniwo uli ndi zake zodabwitsa. Tikayang'ana mapu apakhoma, Johannesburg ili pa madigiri 26 kumwera kwa equator, Sydney ili pa madigiri 34, choncho maso amatiuza kuti ndege iyenera kungolunjika kum'mawa, kudutsa kumunsi kwa Madagascar, kuwoloka nyanja ya Indian, kulowa Australia cha ku Perth n'kudutsa dziko lonselo mpaka ku gombe la kum'mawa. Mzere umenewu umaoneka wowongoka pa pepala, koma ndi wautali ndi makilomita pafupifupi 800 poyerekeza ndi njira yachidule yeniyeni. Amene ali ndi mwayi wopeza mpira uja wojambulidwa mapu a dziko, umene umakhala m'masukulu ena, atenge ulusi, apanikize nsonga imodzi pa Johannesburg, ina pa Sydney, aukoke mpaka ukungike. Ulusiwo sudutsa pa Perth ayi. Umachoka ku Johannesburg kulowera pakati pa kum'mawa ndi kumwera, umatulukira kunyanja chakumpoto kwa Durban, umatsika kumwera mpaka kufika pa madigiri pafupifupi 51, kenako umayamba kukwera, n'kulowa Australia cha ku Melbourne, ndipo umafika ku Sydney kuchokera chakumwera. Pa mapu apakhoma njira imeneyi imaoneka yokhota ngati kuti ndege ikuzungulira dala, chifukwa mapu otere amatambasula madera a kufupi ndi nsonga za dziko kuti chinthu chobulungira chikwane pa pepala lafulati.

Pansi pa mbali yaikulu ya njira yachiduleyi palibe mizinda. Ndege ikangosiya gombe la KwaZulu-Natal, patsogolo pake pamakhala madzi okhaokha kwa maola ambiri, ndipo mtunda wokhawo wodziwika umene imadutsa pafupi nawo ndi zilumba za Kerguelen, za dziko la France, kumene kumakhala akatswiri ochita kafukufuku ochepa chabe ndipo kulibe bwalo la ndege. Mfundo imeneyi tidzaibwereranso, chifukwa ili ndi mphamvu pa maola a ulendo kuposa mmene ambiri amaganizira.

Ndege zazikulu za maulendo ataliatali, monga Boeing 747, Boeing 787 ndi Airbus A380, zimauluka pa liwiro la makilomita pafupifupi 900 pa ola zikafika m'mwamba, pa mamita 10,000 mpaka 12,000. Tikagawa 11,044 ndi 900 timapeza maola 12 ndi mphindi pafupifupi 16, ndipo tikawonjezera nthawi yokwera, yotsika ndi yoyenda pansi pa bwalo, tikanayembekezera maola pafupifupi 13 mbali zonse ziwiri. Nanga n'chifukwa chiyani mbali ina imachepera pamenepo, ina n'kupitirira?

Yankho limene ndimamva kawirikawiri ndi lakuti dziko limazungulira, ndipo anthu amalinena motsimikiza ndithu. N'zoona kuti dziko limazungulira kulowera kum'mawa, moti nthaka ya ku Johannesburg imayenda makilomita pafupifupi 1,500 pa ola limodzi. Koma chikhala kuti ndege imanyamuka n'kulisiya dziko likudzizungulira lokha pansi pake, ulendo wolowera kumadzulo ndi umene ukanafupika, popeza Johannesburg ikanakhala ikubwera kudzaichingamira ndegeyo. Zimene zimachitika n'zosemphana ndi zimenezo. Mpweya wonse wokuta dziko umazungulira limodzi ndi dzikolo, ndipo ndege ikamanyamuka imakhala kale ndi liwiro la nthaka imene yachokapo. Choncho kuzungulira kwa dziko sikuikoka ndege kapena kuikankha mwachindunji. Chimene kumachita ndi kuumba mphepo, ndipo mphepoyo ndi imene imafupikitsa kapena kutalikitsa ulendo.

Mpweya wa kumadera otentha ndi wa kumadera ozizira kwambiri umasiyana kutentha, ndipo kusiyanaku kumachititsa mpweya wa m'mwamba kuyenda kulowera ku nsonga za dziko. Kuzungulira kwa dziko kumaupatutsa mpweyawo kuti ulowere kum'mawa, ndipo pamalo ena umapanikizana n'kukhala mkukuluzi wa mphepo wopapatiza koma wothamanga kwambiri, umene akatswiri amautcha jet stream. Mphepo imeneyi imapezeka pa msinkhu womwewo umene ndege zimauluka, ndipo si zachilendo kuti ithamange makilomita oposa 200 pa ola, makamaka m'nyengo yozizira. Katswiri wa zanyengo wa ku Japan, Wasaburo Oishi, anaiyeza m'zaka za m'ma 1920 poulutsa mabaluni n'kumawatsatira, koma analemba zotsatira zake m'chinenero cha Esperanto, ndipo akatswiri a ku Ulaya ndi America sanazilabadire mpaka oyendetsa ndege zankhondo atakumana nayo okha pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Mphamvu yake inaonekeranso mu Febuluwale 2020, pamene ndege ya British Airways inachoka ku New York n'kukafika ku London m'maola 4 ndi mphindi 56 zokha, itakankhidwa ndi mphepo ya namondwe wotchedwa Ciara, pa ulendo umene nthawi zambiri umatenga maola oposa 6.

Kumwera kwa nyanja ya Indian mphepo zochokera kumadzulo n'zamphamvu ndiponso zosalekeza, chifukwa kulibe mapiri kapena mayiko akuluakulu oti azitchinge. Amalinyero anazidziwa kale ndege zisanabwere. Mu 1611 Hendrik Brouwer wa ku Netherlands anaonetsa kuti sitima yochokera ku Cape ikatsikira kumwera n'kulola mphepozi kuikankhira kum'mawa, imafika ku chilumba cha Java, ku Indonesia, mofulumira kwambiri kuposa yodzera kufupi ndi gombe la Africa. Ndege yochokera ku Johannesburg kupita ku Sydney imachita zomwezo m'mwamba.

Wopalasa bwato pa mtsinje wa Shire amadziwa kuti nkhafi yomweyo ndi mphamvu zomwezo zimamufikitsa msanga akamatsika ndi madzi, ndipo zimamuchedwetsa akamakwera. Ndege nayonso ili ndi maliwiro awiri, lina loyezedwa ndi mpweya umene ikudutsamo, lina loyezedwa ndi nthaka. Tiyerekeze kuti pa ulendo wonse mphepo ikuwomba makilomita 100 pa ola kulowera kum'mawa. Popita ku Sydney ndege idzayenda makilomita 1,000 pa ola poyeza ndi nthaka, ndipo idzatenga maola 11. Pobwerera idzayenda makilomita 800 pa ola, n'kutenga maola 13 ndi mphindi 48. Apa pali kanthu kena kamene sikaonekera msanga. Mphepo yapulumutsa ola limodzi ndi mphindi 14 popita, koma yadya ola limodzi ndi mphindi 32 pobwerera, ndiye kuti tikaphatikiza maulendo onse awiri mphepo imabweretsa chitayiko nthawi zonse, chifukwa ndege imakhala nthawi yaitali ikulimbana nayo kuposa nthawi imene imathandizidwa nayo. Kwa kampani ya ndege nkhaniyi ndi ya ndalama zenizeni, poganizira kuti Boeing 747 inkamwa mafuta matani pafupifupi 10 pa ola lililonse.

Ichi n'chifukwa chake ndege sizitsatira ulusi uja ndendende. Tsiku lililonse okonza ulendo amayang'ana mapu a mphepo n'kusankha njira imene idye nthawi ndi mafuta ochepa, ngakhale itakhala yaitali pa makilomita. Popita kum'mawa amafunafuna pamene mphepo yakula kuti ndege ilowemo. Pobwerera kumadzulo amaithawa, ndipo kawirikawiri kuthawako ndi kutsikira kumwera kwenikweni, kupyola madigiri 60, kumene mphepo za m'mwamba zimakhala zitachepa mphamvu. Masiku ena ndege yochokera ku Sydney imayandikira Antarctica mpaka okwera amaona madzi oundana pansi pawo.

Ine ndinawaonapo madzi oundanawo, ndipo ndi chinthu chimene sindinachiiwale pa ulendo wonse wotopetsawo. M'ndege munali mdima chifukwa mawindo onse anali otseka kuti anthu agone, pamene kunja dzuwa linali phwee. Woyendetsa ndege atalengeza mwachidule kuti amene ali maso angathe kusuzumira, tinayamba kudzuka mmodzimmodzi n'kukaima pamzere kumbuyo, pa kawindo kakang'ono ka pachitseko, aliyense atafunda bulangeti lake. Pansi panali poyera mbee mpaka kumene maso amalekezera, ndipo poyerapo panali ming'alu yakuda yokhotakhota imene inali madzi a m'nyanja, ndi zibuma zikuluzikulu za ayezi zokhala ndi zithunzithunzi zake. Nditabwerera pampando ndinayang'ana kanema wa mapu amene amakhala kumbuyo kwa mpando wa mnzako, ndipo kandege kaja kanali m'munsi mwenimweni mwa mapu, kutali ndi Africa, kutali ndi Australia, liwiro lake poyeza ndi nthaka lili pansi pa makilomita 800 pa ola. Munthu ukaona zimenezo umamvetsa kuti makilomita olembedwa pa intaneti aja ndi muyeso wa pa pepala, ndipo amene ndege yayendadi tsiku limenelo ndi ena.

Tibwerere ku nkhani ya kusowa kwa mabwalo a ndege panjira. Ndege iliyonse iyenera kukhala ndi kumene ingakatere ngati injini yazima kapena kwagwa vuto lina, ndipo pa njira imeneyi mabwalo odalirika ali m'mphepete mokhamokha: Durban, Mauritius ndi Réunion mbali ya kuno, Perth, Hobart ndi Melbourne mbali inayo. Kwa zaka zambiri malamulo ankaletsa ndege za injini ziwiri kutalikira bwalo loterapo kuposa mphindi 60. Malamulo otchedwa ETOPS anayamba kumasula malirewo, kufika pa mphindi 120 mu 1985, kenako pa mphindi 180 mu 1988, koma ngakhale maola atatuwo ndi osakwanira pakatikati pa nyanja ya kumwerayi. N'chifukwa chake kwa nthawi yaitali njira imeneyi inali ya Boeing 747, ya injini zinayi. Kampani ya V Australia itayesa ulendo wa Melbourne ndi Johannesburg mu 2010 ndi Boeing 777 ya injini ziwiri, inkayenera kudzera chakumpoto kuti isatalikire mabwalo, zimene zinkatalikitsa ulendo, ndipo inausiya chaka chotsatira. Zinthu zinasintha pamene Boeing 787 inaloledwa mu 2014 kutalikira bwalo mpaka mphindi 330, amene ndi maola asanu ndi theka. Qantas itapumitsa ndege zake zonse za 747 mu 2020, inaika 787 pa njirayi, ndipo mu 2024 inabweretsapo A380, imene ili ndi injini zinayi. Choncho mtundu wa ndege imene yaikidwa pa ulendo umasankha nawo njira, ndipo njirayo imasankha maola.

Palinso nkhani ya pamene bwalo lamangidwa. Bwalo la Sydney lili m'mphepete mwa nyanja pa Botany Bay, pamene la O.R. Tambo lili pamtunda wokwera mamita pafupifupi 1,700. Pamalo okwera chonchi mpweya ndi wopepuka, makamaka kukatentha, ndipo mapiko ndi injini sizipeza mphamvu imene zimapeza kunyanja. N'chifukwa chake msewu waukulu wonyamukirapo ndege ku O.R. Tambo ndi wautali kuposa makilomita anayi, ndipo ngakhale zili choncho ndege yodzaza mafuta imakhala ndi malire pa kulemera kumene inganyamuke nako. Ulendo wa ku Sydney uli ndi mwayi pamenepa, chifukwa mbali imene ikuyambira pamalo okwera ndi yomweyo imene mphepo imathandiza, ndipo mbali yofuna mafuta ambiri ikuyambira kunyanja kumene ndege ingadzaze mmene ingathere. Maulendo a ku America alibe mwayi umenewu. Ndege yochoka ku Johannesburg kupita ku Atlanta, mtunda wa makilomita oposa 13,500, imanyamuka pamalo okwera n'kukakumananso ndi mphepo yotsutsana nayo, ndipo imatenga maola 16 kapena kuposa. South African Airways inkaima pa chilumba cha Sal ku Cape Verde, ndipo zaka zina ku Dakar, popita ku America. Amalawi amene amadzera ku Addis Ababa akudziwa zofanana ndi zimenezi: bwalo la Bole lili pamwamba kuposa mamita 2,300, ndipo ndege ya Ethiopian Airlines yopita ku Washington imaima panjira kumwa mafuta, zaka zina ku Rome, zaka zina ku Dublin, pamene yobwerera imatha kuuluka osaima.

Amene angadandaule ndi maola 14 akumbukire mmene ulendowu unayambira. Qantas inayesa njirayi mu 1948, n'kuyamba kunyamula anthu mu Seputembala 1952 ndi ndege ya Lockheed Constellation, imene inkaima ku Melbourne, Perth, zilumba za Cocos ndi Mauritius isanafike ku Johannesburg, ndipo ulendo wonse unkatenga masiku oposa awiri ndi theka. Njira ya masiku amenewo sinkatsatira mphepo kapena chidule, koma inkatsatira zilumba zimene ndege ikanapezapo mafuta.

Tsopano tifike pamene anthu ambiri amasokonezeka, pa mawotchi. Nthawi zolembedwa pa tikiti ndi za kumalo kumene ndege ikunyamuka ndi kumene ikutera, aliyense ndi wotchi yake. Sydney ili patsogolo pa Johannesburg ndi maola 8, ndipo kuyambira Lamlungu loyamba la Okutobala mpaka Lamlungu loyamba la Epulo, pamene kumeneko amasuntha mawotchi ndi ola limodzi, kusiyanaku kumakhala maola 9. Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe ali pa nthawi imodzi ndi South Africa, choncho kwa ife kuwerengera n'komweko. Azakhali anga akukonzekera kukaona mwana wawo anandiitana atagwira pepala la ulendo, nkhope ili yodandaula, nati: "Iwe, tandiwerengera bwinobwino apa. Akuti tinyamuka 6 koloko madzulo, tikafika 2 koloko masana mawa lake. Ndiye maola 20 ndili khale pampando, ndi miyendo yangayi? Nanga pobwera bwanji akuti maola 6 okha?" Ndinawayankha kuti, "Azakhali, pepalali lakuuzani zosemphana ndi zimene mudzaone. Popita m'pamene mudzakhale pang'ono, pobwera m'pamene mudzatope." Kawerengedwe kake n'kosavuta munthu akasandutsa nthawi zonse kukhala za wotchi imodzi. Ndege ikanyamuka 6 koloko madzulo ku Johannesburg, ku Sydney imakhala ili 2 koloko usiku, ndipo maola 12 akadutsa imakhala 2 koloko masana. Pobwerera, ndege ikanyamuka 10 koloko m'mawa ku Sydney, ku Johannesburg imakhala ili 2 koloko usiku, ndipo tikawonjezera maola 14 timafika 4 koloko madzulo tsiku lomwelo.

Kusiyana kwa mawotchiku kumamvekanso m'thupi, ndipo apa ulendo waufupi uja ndi umene umalanga kwambiri. Popita kum'mawa ndege imathamangira dzuwa, usiku umafupika, ndipo munthu amafika ku Sydney masana thupi lake likuti ndi m'mamawa pambuyo pa usiku wosagona bwino. Usiku ukafika kumeneko tulo sitibwera, popeza kwathu kumakhala kukali masana, ndipo pamatenga masiku angapo kuti thupi lizolowere. Pobwerera ndege imayenda limodzi ndi dzuwa, moti ulendo wonse kapena mbali yake yaikulu imakhala ya masana, tsiku limangotalika, ndipo munthu akapirira mpaka kude ku Johannesburg amagona tulo tabwino. Madokotala a za tulo amanena kuti thupi la munthu limavomera msanga tsiku lotalikitsidwa kuposa lofupikitsidwa. Kwa ine, amene ali ndi msonkhano kapena mayeso ku Australia asakonze zofika dzulo lake podalira kuti ulendo ndi wa maola 12 okha.

Nthawi ya pa tikiti nayonso si nthawi ya m'mwamba yokha. Imawerengedwa kuyambira pamene ndege yasuntha pamalo okwerera mpaka pamene yaima pamalo otsikira, choncho imaphatikiza kuyenda pansi, kudikira mzere wonyamukira, ndi mphindi zina zimene makampani amawonjezera dala kuti asamaoneke ochedwa. N'chifukwa chake woyendetsa ndege akamalengeza kutalika kwa ulendo amatchula nthawi yocheperako kuposa ya pa tikiti, ndipo onse awiri amakhala akunena zoona. Pali zinanso zimene palibe tsamba la pa intaneti lingaziwerengere. Bwalo la Sydney lili ndi lamulo loletsa ndege zambiri kutera ndi kunyamuka kuyambira 11 koloko usiku mpaka 6 koloko m'mawa, pofuna kuteteza anthu okhala pafupi ku phokoso, kotero ndege ikachedwa kwambiri kunyamuka ku Johannesburg ikhoza kudikiritsidwanso kuti isakafike nthawi yoletsedwa. Ndipo kumayambiriro kwa 2025 Qantas inalengeza kuti inachedwetsa maulendo angapo a njira yomweyi chifukwa cha machenjezo akuti zidutswa za maroketi a kampani ya ku America ya SpaceX zigwera kumwera kwa nyanja ya Indian, dera limene linasankhidwa kukhala kogwetsera zinthu zotere chifukwa chomwe chija chakuti kulibe anthu.

Ena amasankha kudzera kwina chifukwa cha mtengo wa tikiti kapena masiku amene ndege ilipo, ndipo si kulakwa, koma ndi bwino adziwe chimene akugula. Kudzera ku Perth kumawonjezera pang'ono, chifukwa makilomita onse amakwana pafupifupi 11,600. Kudzera ku Singapore amafika pafupifupi 15,000. Kudzera ku Dubai amapitirira 18,000, ndipo maola a m'ndege okha amaposa 20, osawerengera odikira pa bwalo. Mtunda umenewu ndi woposa wa ulendo wautali kwambiri umene ndege yonyamula anthu imauluka osaima, wa Singapore Airlines pakati pa Singapore ndi New York, umene ndi wa makilomita pafupifupi 15,350 ndipo umatenga maola oposa 18. Munthu wachinyamata wosunga ndalama akhoza kupirira, koma wokalamba kapena mayi woyenda ndi ana aang'ono ndingamulangize kuti awonjezere ndalama n'kukwera yosaima panjira ngati angathe.

Kwa woyambira ku Malawi, maola 12 ndi 14 aja ndi pakati chabe pa ulendo. Kuchokera pa bwalo la Kamuzu ku Lilongwe kukafika ku Johannesburg ndi makilomita pafupifupi 1,500, amene ndege imayenda maola awiri ndi theka. Popita zinthu zimagwirizana bwino, chifukwa munthu akhoza kunyamuka ku Malawi m'mawa kapena masana n'kukapeza ndege ya ku Sydney imene imanyamuka madzulo, malinga pakhale maola okwanira odutsira pa zipata ndi kuonetsetsa kuti katundu walowa m'ndege yachiwiri. Pobwerera m'pamene pamafunika kuyang'anitsitsa. Ndege yochokera ku Sydney imatera madzulo, pamene ndege zambiri zopita ku Lilongwe ndi Blantyre zimakhala zitanyamuka kale, choncho kawirikawiri pamafunika kugona ku Johannesburg n'kupitiriza mawa lake. Wokonza bajeti ya ulendowu aikemo ndalama ya malo ogona usiku umenewo, ndipo awauze odzamuchingamira ku Lumbadzi kapena ku Chileka tsiku lotsatira, osati tsiku limene lalembedwa pa tikiti ya ku Sydney.